Pa Chikale pakakhala bata, yang'anani kaye kutali

Ndi Loweruka m'mawa, mwezi wa July, pa Chikale ku Nkhata Bay. Madzi a m'mphepete ali phee, miyala yapansi ikuoneka bwinobwino. Achinyamata atsika kuchokera ku Mzuzu, mafoni ali m'manja, akufuna abwereke kayaki akajambulane pakatikati. Koma cha apo, mabwato a asodzi ali gone pamchenga. Wodziwa nyanjayi akangoona zimenezi safunsanso: kunja kuli mwera.

Mwera ndi mphepo yochokera kummwera chakummawa, ndipo imavuta kwambiri m'nyengo yozizira, kuyambira May mpaka August. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita opitirira 500, ndipo idagona kuchokera kummwera kupita kumpoto. Ndiye mphepoyo imayenda mtunda wautali pamadzi popanda choitchinga, mafunde n'kumangokulirakulira. Pofika ku Nkhata Bay amakhala atakhwima.

Apa ndi pomwe Chikale imapusitsa alendo. Gombeli lidabisala pakati pa timapiri ndi miyala, choncho mkati mumatha kukhala bata pomwe kunja kukuwira. Mukangodutsa miyala yakumapeto, mphepo imakugwirani, ndipo kubwerera kumafuna mphamvu zoposa zomwe munapitira. Kuderali nyanja imayambanso kuya msanga mukangochoka kumtunda.

Anzathu okonda kutsetsereka pachipale chofewa kumapiri a Alps ku Ulaya amalidziwa vuto lotereli. Chipale chikagwa chambiri chimatha kugumuka n'kukwirira anthu, ndiye akatswiri amalengeza kukula kwa chiopsezo kuyambira pa 1 mpaka 5. Chodabwitsa n'chakuti ambiri safera pa 5 ayi, chifukwa tsiku lotero aliyense amakhala m'nyumba. Amafera pa 3, tsiku loti munthu umati, "Aa, sikunaipe kwenikweni." Mwera nawonso umatenga anthu tsiku looneka ngati lotheka.

Nanga mungaiwerenge bwanji nyanja? Choyamba, onani pafoni uthenga wa nthambi yoona zanyengo, yomwe imachenjeza za mwera pa wailesi ndi pa Facebook. Kenako kwerani pokwera muone kutali: mafunde akamachita thovu loyera pamwamba, dziwani kuti mphepo yakula. Funsaninso asodzi mwaulemu kuti, "Bambo, kunjaku kuli bwanji lero?" Akapukusa mutu, nkhani yatha. Ngakhale kuli bata, valani jekete loyandamitsa, ndipo uzani munthu wotsala kumtunda komwe mukupita ndi nthawi yobwerera. Mowa udikire mukatuluka m'madzi.

Chovuta kwambiri si mphepo, koma anzanu. "Tawononga ndalama ya thiransipoti, tibwerere osakwera?" Mawu amenewa ndi omwe amakankhira anthu m'madzi. Gwirizanani musananyamuke kuti mmodzi akangokayika, nonse mutsala, popanda kumuseka kuti ndi wamantha.

Ndipo musadalire kukula kwa chombo. Pa 30 July 1946, sitima ya Vipya idamira ndi namondwe kumpoto kwa Nkhata Bay, anthu 145 n'kufa. Ngati nyanja idagwetsa sitima yachitsulo, kayaki ndi chiyani?

Mwera umatha kuomba masiku angapo, koma umaleka. Ukavuta, khalani pamchenga, otchani nsomba, jambulani mafundewo muli kumtunda. Chithunzi chapakati mudzachijambula ulendo wina, ndipo kunyumba akukudikirani.