Mwanyamula zitsulo Lolemba, Lachitatu mukulephera kunyonyomala: nachi chikuchitika m'thupi mwanu

Tsiku limene ndinayamba kunyamula zitsulo linali Lolemba. Jimu yake ndi ya kuseri kwa nyumba ina kuno ku Ndirande, ya denga la malata anayi ndi benchi la thabwa. Zolemera zake ndi simenti yothira m'zitini za penti komanso zitsulo zakale za galimoto. Bigi wa pajimupo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mfana, lero ndi miyendo." Ndinapanga ma squat maseti asanu, kenako ma lunge mpaka pageti n'kubwerera. Ndinatuluka ndikuyenda bwinobwino, mpaka ndinajambula chithunzi n'kuika pa status.

Lachiwiri m'mawa ntchafu zinali zolemerako pang'ono. Lachitatu ndiye kunali kulira. Potsika minibasi pa Ginnery Corner ndinachita kugwira chitseko ndi manja awiri, kondakitala akukuwa kuti, "Achimwene tatsikani, tikuchedwa!" Chimbudzi cha kwathu n'chokumba, ndiye tangoganizani nokha kunyonyomala kwake. Mayi atandiona ndikuyenda ngati bakha anati, "Iwe, amenewa ndi malungo, pita ukayezetse." Ndinapitadi, ndipo malungo sanapezeke.

Tinayamba atatu sabata imeneyo. Mnzanga wina sanabwerenso, akuti zitsulo zimapundula. Winayo anagula mapiritsi pa okala, kumwa, n'kubwereranso pa squat Lachitatu lomwelo, chifukwa bigi anamuuza kuti ululu ndiye umboni woti minofu ikukula. Onse awiri analakwitsa, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba nkhaniyi.

Ululuwu uli ndi dzina, uli ndi nthawi yake

Azachipatala amautchula mwachidule kuti DOMS, kutanthauza kuwawa kwa minofu kobwera mochedwa. Si matenda atsopano ayi. Katswiri wina wa ku America, Theodore Hough, anaufotokoza kale mu 1902, ndipo ananena kuti umachokera ku kung'ambika kwa mkati mwa mnofu.

Kayendedwe kake kamadziwika. Umayamba pakadutsa maola 12 mpaka 24 chimalizireni masewera, umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, kenako umazirala wokha pofika masiku 5 mpaka 7. N'chifukwa chake tsiku lachiwiri limapweteka kuposa loyamba. Mnofu umauma, umawawa ukaukhudza kapena ukauwongola, mphamvu zimachepa. Koma ukangokhala phee pampando, ululu sumveka kwenikweni.

Chimene chimaubweretsa kwambiri si kukweza chitsulo, koma kuchitsitsa. Pokweza, mnofu umafupika. Potsitsa, mnofu umatalika uku ukulimbana ndi kulemera kuti chitsulo chisakugwere, ngati mabuleki a kabaza pamtsetse. Pamenepo timaulusi ting'onoting'ono ta mnofu timang'ambika, tosaoneka ndi maso. Thupi limatumiza madzi ndi maselo a chitetezo kuti akachotse zowonongeka n'kukonza malowo. Ntchito yokonzayi imatupitsa mnofu pang'ono, ndipo mitsempha yomva ululu imakhala tcheru kuposa kale. Zimenezi sizichitika mphindi imodzi, n'chifukwa chake ululu umachedwa.

Aliyense amene anakwerapo phiri la Mulanje akudziwa zimenezi. Pokwera umapuma wefuwefu, koma chimene chimakugoneka masiku awiri ndi kutsika kuja.

Za lactic acid tizisiye

Pajimu iliyonse pali munthu amene amati, "Ndi lactic acid ameneyo, wakhazikika m'minofu." Ayi amwene. Lactic acid amachulukadi pamene ukupanga seti yolemetsa, koma thupi limamuchotsa pasanathe ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono. Lachitatu likamafika amakhala atapita kalekale.

Mu 1983 ofufuza a ku America anathamangitsa anthu pa makina othamangirapo kwa mphindi 45, ulendo wina pamalo athyathyathya, ulendo wina potsetsereka. Pamalo athyathyathya lactic acid anakwera, koma minofu sinawawe. Potsetsereka lactic acid sanakwere, koma anthuwo anawawidwa masiku otsatira. Nkhani inathera pomwepo, kungoti uthenga sunafikebe m'majimu athu.

Bodza lina ndi la bigi lija, loti ukapanda kuwawidwa ndiye kuti sunagwire ntchito. Ululu umangosonyeza kuti mnofu wapatsidwa ntchito imene sunaizolowere. Munthu amene wakhala akunyamula kwa zaka amatha kukula bwinobwino osamva kuwawa kwenikweni. Muyeso weniweni ndi wakuti mwezi uno ukunyamula zolemera kuposa mwezi watha, kapena ukubwereza kambiri pa kulemera komweko.

Zimene zimathandiza

Ndinene mosabisa: palibe mankhwala amene amachotsa DOMS lero lomwe. Sing'anga wake wamkulu ndi nthawi. Zinazi zimangochepetsa ululu kuti moyo uziyenda.

Choyamba, musagone tsiku lonse. Yendani wapansi, palasani njinga pang'onopang'ono, gwirani tintchito ta pakhomo. Masitepe oyamba amawawa, koma pakatha mphindi 10 kapena 15 mnofu umatenthedwa n'kumasuka. Ululu umabwereranso mukakhala pansi nthawi yaitali, koma mpumulo umenewo ndi weniweni. Ine Lachinayi lake ndinayenda wapansi kuchoka kunyumba mpaka kumsika, ndipo pobwerera ndinali ndikuyenda ngati munthu.

Chachiwiri, njira ya agogo ija yothowa ndi madzi ofunda si yachabe. Nsalu yonyika m'madzi ofunda, kapena kusamba madzi otenthera, kumafewetsa mnofu wouma. Kutikita minofu mofatsa kumathandizanso. Ndati mofatsa, osati mnzako kukupondaponda ndi chidendene ngati akuponda dothi la njerwa. Osewera mpira ambiri amalowa m'madzi ozizira kwambiri akamaliza gemu, ndipo zimachepetsadi ululu. Koma ofufuza anapeza kuti kuchita zimenezi nthawi zonse ukangomaliza kunyamula zitsulo kumachedwetsa kukula kwa minofu. Ngati cholinga chanu n'kukula, musazisandutse chizolowezi.

Chachitatu ndi chakudya. Mnofu umakonzedwa ndi zakudya zomanga thupi, ndipo wonyamula zitsulo amafunika pafupifupi magalamu 1.6 a puloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Munthu wa makilogalamu 60 ndiye kuti magalamu 96. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, choncho mazira okha simungafike. Koma simukufunika chitini cha ufa wodula wa m'mashopu a m'tauni. Usipa, matemba, nyemba, nandolo, mtedza, chambiko ndi ma soya pieces zonsezi ndi puloteni, ndipo ma soya pieces ouma pafupifupi theka la kulemera kwake ndi puloteni. Nsima musaisiye, ndiyo imabwezera mphamvu zimene mwawotcha. Chakudya sichichotsa ululu wa mawa, koma popanda icho mnofu umene mwaung'ambawo sukhala ndi zomangira.

Chachinayi ndi tulo, maola 7 mpaka 9. Kunyamula zitsulo madzulo kenako n'kuchezera TikTok mpaka 2 koloko usiku ndi kudzibera wekha.

Nanga kudziwongola? Ambiri timakhulupirira kuti ukadziwongola bwino usanayambe kapena ukamaliza, suwawidwa. Mu 2011 bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa kafukufuku wa zaumoyo, linaunika nkhaniyi n'kupeza kuti kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti munthu sangakuzindikire. Dziwongoleni ngati zimakusangalatsani, koma musayembekezere kuti zikupulumutsani Lachitatu.

Mapiritsi a pa okala

Apa ndiye pali nkhani. Brufen, diclofenac ndi Indocid amapezeka mosavuta, ndipo achinyamata ena amawamwa ngati maswiti. Mankhwala a gulu limeneli amachepetsadi ululu, koma amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, makamaka ukamwa usanadye. Amachepetsanso magazi opita ku impso, ndipo zimenezi n'zoopsa kwambiri thupi likakhala kuti lataya madzi ambiri ndi thukuta. Kuwonjezera apo, ofufuza a ku Karolinska Institutet ku Sweden anapatsa achinyamata onyamula zitsulo ibuprofen wokwana 1200 mg tsiku lililonse kwa masabata 8, ndipo minofu yawo inakula mochepa poyerekeza ndi anzawo. Ibuprofen ndi Brufen yemweyo. Tangoganizani: kulipira jimu, kenako kugula mapiritsi ochepetsa phindu la jimuyo.

Ngati ululu ukukulepheretsani kugona, Panado ndi wabwinoko. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg pa maola 24, ndipo asaphatikize ndi mowa chifukwa zonsezi zimalemetsa chiwindi. Chachikulu n'chakuti musamwe mankhwala n'cholinga choti mubise ululu mukanyamulenso ndi mnofu womwewo. Upatseni maola osachepera 48. Ngati miyendo ikuwawa, pangani chifuwa kapena msana, kapena pumulani basi.

Pamene si DOMS

Gawo ili ndilo ndikufuna mulitumize ku magulu anu a WhatsApp.

Mayi anga sanalakwe kunditumiza kokayezetsa. Kuno kwathu kuphwanya m'thupi ndi chizindikiro chodziwika cha malungo. DOMS imawawa minofu yokhayo imene munaigwiritsa ntchito, ndipo sibwera ndi kutentha thupi, kuzizidwa, mutu kapena kusanza. Zimenezi zikakhalapo, kayezetseni tsiku lomwelo, musanamizire jimu.

Kuvulala nakonso n'kosiyana. Ululu wobaya umene wabwera mwadzidzidzi chitsulo chili m'manja, mwina mpaka kumva kuti thwa, si DOMS. Chimodzimodzi ululu wa molumikizirana mafupa monga bondo, phewa kapena chigongono, ululu wa mbali imodzi yokha pamene munagwiritsa ntchito mbali zonse, malo otupa n'kuda ngati mwamenyedwa, kapena dzanzi lotsika mwendo kuchokera kumsana. Ululu umene wadutsa sabata osachepa nawonso ukaonedwe ndi achipatala.

Choopsa kwambiri ndi vuto lotchedwa rhabdomyolysis. Mnofu ukawonongeka mopyola muyeso, zamkati mwake zimatayikira m'magazi. Chimodzi mwa izo ndi puloteni yotchedwa myoglobin, imene imakatseka timachubu ta mu impso. Zizindikiro zake ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka kapena Coca-Cola, mkodzo wochepa kwambiri, mnofu wotupa zedi, kufooka koti sungathe kukweza mkono, ndi ululu umene sukupatsa mpata ngakhale uli chigonere. Mukaona zimenezi pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukawauze madokotala kuti munanyamula zitsulo tsiku lakuti. Musamwe Brufen, chifukwa mukhala mukuwonjezera katundu pa impso zimene zatopa kale. Munthu akafika msanga amathandizidwa ndi madiripi. Akachedwa impso zimatha kuima, ndipo makina osefa magazi m'dziko muno ali m'zipatala zochepa, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Mkodzo wofiira ukhozanso kukhala likodzo kapena malungo aakulu, koma zonsezi yankho lake ndi limodzi: chipatala.

Vutoli si la tsiku ndi tsiku, koma limakonda anthu ofanana ndi mmene tinalili ife atatu aja: woyamba kumene, kapena wobwerera patatha miyezi, amene wapanikizidwa kuti afanane ndi akale tsiku loyamba. Kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata, kusamwa madzi, matsire a dzulo, zonsezi zimawonjezera ngozi. Amene anatengera sickle cell kwa kholo limodzi ayenera kusamala koposa.

Nkhani yabwino

Thupi limaphunzira msanga. Mukawawidwa kamodzi, ulendo wachiwiri wa masewera omwewo ululu umachepa kwambiri, ndipo chitetezo chimenechi chimakhala kwa masabata angapo. Chosangalatsa n'chakuti simufunika kudzipha tsiku loyamba kuti muchipeze. Ngakhale katundu wopepuka amaphunzitsa mnofu.

Ndiye ngati mukuyamba Lolemba likubwerali, pangani maseti awiri okha pa sewero lililonse, ndi kulemera kumene mungakweze ka 10 kapena ka 12 n'kutsalabe ndi mphamvu zokweza kawiri kapena katatu. Yambani mwatenthetsa thupi kwa mphindi zingapo, tengani botolo la madzi, ndipo wonjezerani pang'ono sabata iliyonse. Akulu a pajimu akakusekani, asiyeni aseke. Kuthamanga si kufika.

Inunso mabigi amene mumalandira mafana atsopano, kumuthyola munthu tsiku loyamba si kuphunzitsa. Mukutaya kasitomala, ndipo tsiku lina mudzaperekeza mwana wa eni ku chipatala.

Mnzanga wa mapiritsi uja anasiya patatha mwezi, m'mimba mukumuotcha. Amene anathawa uja ndinamunyengerera, anabwerera, ndipo tinayambira pa kachitini kakang'ono ka simenti kamene aliyense amakanyoza. Lachitatu lake anadandaula ntchafu, koma minibasi anatsika yekha osagwira chitseko.