Wa bulekidauni naye amafuna tulo

Inu amalonda a mu Limbe amene mumaoda nanazi ndi nthochi ku Mulanje kuno, lole ikakuferani pa Chambe usiku mumathamangira kuimbira wa bulekidauni. Koma munamufunsapo kuti wagona maola angati?

Ine ndakhala ndikucheza nawo madalaivalawa. Dandaulo lawo ndi limodzi: foni imagona kumutu. Ikalira 2 koloko usiku n'kudzuka basi, ngakhale tsiku lonse anali pa msewu wa Midima. Maola odikira foniwo mabwana ena sawerengera ngati ntchito.

Chonsecho lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 likuti pa sabata munthu azigwira maola 48. Opitirira apo ndi ovataimu: ola limodzi alipidwe ngati ola ndi theka, patsiku lopuma ngati maola awiri.

Ku Ulaya lamulo la 2006 limati masiku ambiri woyendetsa lole asapyole maola 9, ndipo akayendetsa maola 4 ndi theka apume mphindi 45. Koma nakonso abulekidauni osapyola makilomita 100 kuchokera pagalaja anawasiya kunja kwa lamuloli.

Taganizani abale: munthu watulo akukoka lole yodzadza kulowera ku Chitakale, inu muli pamwamba pa matumba. Akangosinza, mpamba wonse wathera m'ngalande, mwinanso moyo.

Ndiye musanayambe kunenerera mtengo, mufunseni ngati wagona. Ngati wachezera, bola nanazizo zidikire kuche.