KUZIMITSA NYALI SIKUKONZA MABULEKI

M'mawa uliwonse misewu yozungulira Mgona imadzaza ndi magalimoto a aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma ochokera ku Area 25, amene amapanikizana ndi malole a ku Kanengo, njinga za kabaza, ndiponso ana a sukulu odumpha msewu. Pa malo otere moyo wa mwana umadalira tizidutswa timene eni magalimoto ambiri sanationepo, totchedwa mapadi a mabuleki.

Dalaivala akaponda buleki, mapadi awiri amapana disiki yachitsulo imene imazungulira pamodzi ndi gudumu, ndipo galimoto imaima. Padi yatsopano imakhala yochindikala mamilimita 10 kapena 12, koma imaperepeseka pang'onopang'ono, kotero kuti ikatsala mamilimita 3 iyenera kuchotsedwa. M'fumbi ndi m'matope a m'makwalala a Mgona, Chinsapo ndi Area 23, mchenga umalowa pakati pa padi ndi disiki, ndipo mapadi amatha msanga.

MACHENJEZO A MITUNDU IWIRI

Magalimoto ambiri amene antchito a Boma amagula ndi ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, obwera kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Ang'onoang'ono monga Toyota Vitz ndi Honda Fit kawirikawiri ali ndi kachitsulo kopindika pa padi. Padi ikatha, kachitsuloko kamakhudza disiki ndi kulira mokwiyitsa makutu. Kulira kumeneku kunaikidwa dala kuti mwini amve.

Magalimoto a ku Germany monga BMW, Mercedes-Benz ndi ena a Volkswagen ali ndi njira ina. M'padi muli kawaya kokutidwa ndi pulasitiki, kotchedwa sensa. Disiki ikadya padi kufikira pa kawayako, imakadula kapena kukakhudza, ndipo pa dashibodi pamayaka nyali yachikasu yozungulira, yokhala ndi timizere toduka-duka mbali zonse ziwiri. Nyaliyi ndi yosiyana ndi yofiira ya chizindikiro chofuulira, imene imanena kuti handibuleki ndi yokoka kapena mafuta a mabuleki achepa.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Tsono vuto limene lakula ndi lakuti eni magalimoto ena amadana ndi mnansi ameneyu, nafuna kungomutseka pakamwa.

MMENE NYALI IMAZIMITSIDWIRA MWACHINYENGO

Sensa ikadulidwa siigwiranso ntchito, ndipo pamodzi ndi mapadi atsopano payenera kugulidwa sensa yatsopano. Koma popeza ndalama ndi zosowa, ndipo sipeya wotere sapezeka m'sitolo iliyonse, amakaniko ena amangolumikiza nsonga ziwiri za waya ndi kuzimanga ndi tepi. Kompyuta ya galimoto imayesa kuti zonse zili bwino, nyali nkuzima. Mwini amapita kwawo wokondwa, osadziwa kuti kuyambira tsiku limenelo galimoto yake sidzamuchenjezanso, ngakhale padi itatheratu chitsulo nkuyamba kudya chitsulo chinzake.

Palinso za chiwerengero cha makilomita. Magalimoto a BMW amawerengera okha mtunda umene watsala kuti mapadi asinthidwe, pogwiritsa ntchito sensa imodzi kutsogolo ndi ina kumbuyo. Mapadi akasinthidwa, chiwerengerocho chiyenera kuyambitsidwanso, kumene amakaniko amati kupanga reset. Izi zimachitika ndi batani la pa dashibodi, kapena ndi makina olumikiza pa soketi ya mabowo 16 imene ili pansi pa chiwongolero, yotchedwa OBD. Soketiyi inakhala lamulo ku America mu 1996, ndipo ku Ulaya mu 2001 pa magalimoto a petulo. Reset ndi yoyenera ntchito ikagwirika ndithu. Koma munthu wopanga reset mapadi akale ali momwemo wanamiza kompyuta ndi mwini galimoto yemwe, ndipo wogula galimoto kwa mnzake ayenera kuchenjera ndi zimenezi.

Kulakwa kwina nkochita eni okha. Mapadi akamatha, mafuta a mabuleki amatsika m'kabotolo kake, chifukwa mapisitoni amatuluka kwambiri kuti afikire disiki. Munthu akaona nyali yofiira nangothira mafuta ena, nyali imazima, koma chimene chinatsitsa mafutawo sichinaonedwe. Mwina ndi mapadi otha, mwinanso ndi paipi yodontha.

ZOYENERA KUFUNSA KU GALAJA

Ku Biwi, ku Kawale ndi ku Area 25 kuli amakaniko aluso, ena ophunzira ku Lilongwe Technical College, ena ophunzira pa manja a akulu anzawo. Mmisiri woona sakwiya ndi mafunso, ndipo safunsa anadya phula. Mwini galimoto apemphe kuona mapadi akale ndi sensa imene yachotsedwa. Aonetsetse kuti mapadi asinthidwa mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, pakuti kusintha mbali imodzi kumachititsa galimoto kukokera kumbali. Afunse ngati disiki yayesedwa, popeza disiki iliyonse ili ndi malire a kuchindikala kwake. Asananyamuke aponde buleki kangapo mpaka italimba, chifukwa mapadi akangoikidwa kuponda koyamba kumapita pansi osagwira. Potsiriza, pokoleza galimoto aone ngati nyali za pa dashibodi zikuyamba zayaka kenaka nkuzima. Nyali yofiira ya mabuleki yosayaka konse ingakhale yochotsedwa kapena yophimbidwa.

Nthambi ya Boma yoona za pamsewu, ya DRTSS, imayesa mabuleki isanapereke chiphaso cha COF. Komatu chiphasocho chimanena za tsiku limene galimoto inayesedwa, pamene mapadi amatha tsiku ndi tsiku. Pakati pa kuyesa kumodzi ndi kwina, udindo uli m'manja mwa mwini.

Aphunzitsi a sayansi akudziwa kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, ngakhale mabuleki ali abwino. Mabuleki akakhala otha, mtundawo umatalika koposa. Sensa yatsopano mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi disiki ziwiri zowonongeka, ndipo mwana wa pa Mgona amene wathamangira mumsewu alibe sipeya m'sitolo iliyonse.