Wogula ndi Wogulitsa Osewera Mpira: Ntchito Yake Iyesedwe ndi Muyeso Wanji?

Ligi ya mpira wamiyendo ikatha chakumapeto kwa chaka, mabwalo amakhala zii, koma pakamwa pa ochemerera mpira umakhala ukuseweredwabe. Boma la Ntcheu lili pa msewu wa M1, pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, kotero kuti pa Boma, pa Kampepuza, ku Nsipe ngakhalenso pa Lizulu pamapezeka otsatira Bullets, otsatira Wanderers ndiponso otsatira Silver Strikers atakhala pa benchi imodzi. Nkhani imene imawatenthetsa mitu m'nyengo imeneyi ndi ya kugula ndi kugulitsa osewera. Wina amati akuluakulu a timu yake agulitsa mnyamata wabwino pa mtengo wolira. Wina amati agula nkhalamba imene miyendo inatha kale. Onsewo amapereka chigamulo tsiku lomwelo limene wailesi yalengeza, munthu wogulidwayo asanamenye mpira ndi kamodzi komwe.

Munthu amene amaimbidwa milandu yotereyi kawirikawiri saoneka pa bwalo. Mphunzitsi wa timu amaima m'mbali mwa mzere, namakuwa, nalandira matamando kapena mwano madzulo omwewo. Koma kuseri kwake kuli mkulu woyendetsa timu, amene amasainitsa migwirizano, kukambirana mitengo, kulemba mphunzitsi ntchito kapena kumchotsa, ndi kuona ngati ndalama zimene zili m'thumba zingafike kumapeto kwa nyengo. Zipatso za ntchito yake zimachedwa kupsa, ndipo apa ndi pamene pagona vuto la kumuyesa mwachilungamo.

Ku America, kumene kuli mpira wina wogwira ndi manja, matimu a mu ligi ya NFL ali ndi mwambo wosankha anyamata ochokera m'makoleji chaka ndi chaka, umene unayamba mu 1936. Timu imene inachita moipa koposa m'nyengo yapitayo ndiyo imayamba kusankha, cholinga chake nchakuti matimu asasiyane mphamvu kwambiri. Mu 2000 mnyamata wina dzina lake Tom Brady anasankhidwa pa nambala 199 ndi timu ya New England Patriots, ndipo pomadzasiya kusewera anali atapambana chikho chachikulu cha ligiyo kasanu ndi kawiri. Anthu amakonda kutamanda amene anamsankhawo, kuiwala kuti iwo omwewo anamlambalala kangapo tsiku lomwelo, akusankha anyamata ena amene lero sakumbukikanso. Nzeru inalipo, koma mwayi nawo unalipo, ndipo wofuna kuweruza bwino ayenera kusiyanitsa ziwirizi.

Kuno ku Malawi kulibe mwambo wotero. Timu imapeza osewera pogula kwa anzake, potola anyamata m'maligi a m'zigawo ndi m'masukulu, kapena podzilerera okha. Mbiri ya timu ya Bullets ya mu Blantyre, imene inakhazikitsidwa mu 1967, ili ndi zitsanzo za njira zonsezi, ndipo nyengo ziwiri za mbiriyo nzoyenera kuziika pa sikelo.

Nyengo yoyamba ndi ya Bakili Bullets. Mu 2003 a Bakili Muluzi, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa dziko lino, anayamba kuthandiza timuyi ndi ndalama zawo, dzina la timu nkusintha. Ndalama zitachuluka, osewera odziwika anasonkhana pamodzi pansi pa mphunzitsi Kinnah Phiri. Mu 2004 timuyi inachotsa Orlando Pirates ya ku South Africa mu mpikisano wa akatswiri a mu Africa, nkufika mu ndime ya magulu, kumene inakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Côte d'Ivoire. Matimu awiri oyambawo ndi amene anadzakumana mu ndime yomaliza chaka chimenecho, zomwe zikusonyeza kuti gululo silinali lamasewera. Wochemerera aliyense amene akanafunsidwa mu 2004 akanalumbira kuti akuluakulu a timu sanalakwitse kanthu.

Koma thandizo la munthu mmodzi lili ngati mthunzi wa mtambo. Litatha, timu inatsala ndi dzina lalikulu ndi thumba lobooka. Akatswiri ake monga Peter Mponda, Fischer Kondowe ndi Robert Ng'ambi anakasewera ku South Africa, ndipo timu imene inatenga ligi zaka zisanu ndi ziwiri zondondozana, kuyambira 1999 mpaka 2005, inakhala osailawanso kufikira 2014. M'zaka zimenezo chikho chinkazungulira pakati pa Wanderers, Escom United ndi Silver Strikers. Tsono kodi akuluakulu a nthawi ya Bakili Bullets ayesedwe ndi ulemerero wa 2004, kapena ndi njala ya zaka zotsatirazo? Chilungamo chikufuna kuti zonse ziwiri zilembedwe pa tsamba limodzi. Anagula bwino, pakuti amene anagulidwawo anachitadi zimene anagulidwira. Chimene chinasowa ndi nkhokwe: panalibe njira yoti timu idzipezere yokha ndalama kapena osewera atsopano mwini thumba akadzachoka.

Nyengo yachiwiri ndi ya kampani ya Nyasa Manufacturing, imene inayamba ndi kuthandiza timuyi kenaka nkuitenga kukhala yake. Chakumapeto kwa nyengo ya 2018, pamene a Fleetwood Haiya anali mkulu woyendetsa timu, Bullets inalemba ntchito mphunzitsi wa ku Zimbabwe, Kalisto Pasuwa, amene anali atatenga ligi ya kwawo kanayi kotsatizana ndi timu ya Dynamos kuyambira 2011 mpaka 2014. Chiganizochi chinali ndi otsutsa ake, pakuti timu inali ikuchita kale bwino mu ligi, ndipo ena ankafunsa chifukwa chosinthira woyendetsa galimoto ulendo uli pafupi kutha. Zotsatira zake nzodziwika: Bullets inatenga ligi mu 2018, 2019, nyengo ya 2020/21 imene inatalika chifukwa cha mliri wa Covid-19, 2022 ndi 2023. Mu 2023 inasesa zikho zinayi: ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup.

Komabe chiganizo cholemera koposa cha nyengo imeneyi sichinali cha mphunzitsi. Chinali chosamala timu yachisodzera, ya Reserve, imene inkaphunzitsidwa ndi Enos Chatama. Kulera anyamata nkodula ndipo sikukoka anthu pa geti. Kwa zaka ziwiri kapena zitatu ndalama zimangotuluka popanda chooneka. Koma mu timu imeneyi ndi mmene munachokera Charles Petro, Chimwemwe Idana, Hassan Kajoke, Patrick Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma. Mu 2022 kunachitika chinthu chachilendo: ndime yomaliza ya FDH Bank Cup inali pakati pa Bullets yaikulu ndi Bullets Reserve, mkulu ndi mng'ono wake, ndipo mkulu ndiye anapambana. Ena anaseka kuti ndi masewero a pa banja. Koma kuti anyamatawo afike pamenepo anayenera kugwetsa matimu ena panjira, ndipo umboni woti nkhokwe yadzaza sungapose pamenepa. Ngati ku Malawi kuli chinthu chofanana ndi kusankha anyamata kwa ku America kuja, nchimenechi: kuona mwana wa zaka 16 pa bwalo lafumbi ndi kuneneratu chimene adzakhale akadzafika zaka 22.

Mbali yovuta kuiweruza ndi ya kugulitsa. Mu 2020 Charles Petro anapita ku Sheriff Tiraspol ya ku Moldova, timu imene chaka chotsatira inadabwitsa dziko pogonjetsa Real Madrid 2-1 pakwawo pa Madrid. Peter Banda, amene Bullets inamtenga ali wamng'ono, anabwerekedwa ku timu yomweyo mu 2021 asanapite ku Simba ya ku Tanzania. Mu 2023 Chimwemwe Idana anapita ku Silver Strikers. Pakati pa nyengo ya 2024, a Suzgo Nyirenda atatsogolerapo kale timuyi kwa zaka zingapo, Mwaungulu ndi Nkhoma analowera ku TP Mazembe ya ku Lubumbashi, timu yomwe inali itachotsa Bullets mu mpikisano wa mu Africa chaka cham'mbuyo mwake. Chaka chomwecho cha 2024 ligi inapita ku Silver Strikers, Idana ali pakati pa bwalo, ndipo mphunzitsi wake anali Peter Mponda, amene kale anali wothandizira Pasuwa ku Bullets.

Otsatira Maule ambiri anaona ngati akuluakulu awo anola okha mpeni umene unadzawacheka. Pa nkhani ya Idana dandaulo lawo lili ndi mutu: kupereka wosewera wabwino kwa mnzako amene ukulimbirana naye chikho chimodzi nkosiyana ndi kumtumiza kunja, pakuti umadzichepetsera mphamvu uku ukumuonjezera iye. Koma pa nkhani ya anyamata opita kunja, mlimi wa mbatata ya kachewere wa ku Tsangano angathe kuwalangiza. Mbatata ikakhwima siidikira. Ukaisunga poyembekeza mtengo wa maloto imaola, ndipo umadzaitaya. Mlandu wa mlimi sukhala pa kugulitsa. Umakhala pa mafunso ena: kodi wagulitsa pa nthawi yake, kodi wasiyako mbewu, ndipo ndalamazo wagula feteleza kapena wamwera? Wosewera nayenso ali ndi nthawi yake, ndipo timu ya kuno singalipire malipiro amene Mazembe kapena Simba ingapereke. Kumkaniza kupita ndi kusunga munthu amene mtima wake uli kale pa bwalo la ndege.

Palinso lamulo limene ochemerera ambiri saliganizira. Chiyambire chigamulo cha mlandu wa Jean-Marc Bosman ku Ulaya mu 1995, mchitidwe umene wafala pa dziko lonse ngwakuti wosewera amene mgwirizano wake watha amachoka ulere, timu yake osalandira mtengo wogulitsira. Malamulo a FIFA amamlolanso kusainirana ndi timu ina pamene kwatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti mgwirizano wake uthe. Choncho mkulu wa timu amene wagulitsa katswiri kutatsala chaka chimodzi angaoneke wopusa lero, chonsecho wapulumutsa ndalama zimene zikanapita ndi mphepo. Amene ayenera kufunsidwa mafunso ndi uja amene amadzidzimuka mu Disembala kuti migwirizano ya osewera ake asanu yathera limodzi. Tsoka ilo matimu a kuno kawirikawiri saulula mitengo imene agulitsira osewera, kotero ochemerera amaweruza mlandu mboni yaikulu isanalankhule.

Sikelo ya nyengo ya Nyasa ilinso ndi mbali yopepuka. M'zaka zonse za Pasuwa, Bullets siinafike mu ndime ya magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Simba inaichotsa mu 2022, Mazembe mu 2023. Chimene Bakili Bullets inachita mu 2004 pogula akatswiri okhwima sichinabwerezedwe ndi timu yolera ana ndi kuwagulitsa akangoyamba kuwala. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake. Yoyamba inagula ulemerero wa chaka chimodzi nkulipira ndi zaka zambiri za njala. Yachiwiri inagula ufumu wa pakhomo nkulipira ndi kulephera kunja. Poyeza zonse, yachiwiriyi ndi imene inasiya timu ili chiimire, ngakhale Pasuwa atachoka nkukakhala mphunzitsi wa Flames ndipo Mponda atabwerera ku Bullets mu 2025.

Nkhaniyi ikukhudzanso aphunzitsi a masewero ndi anyamata otsiriza sukulu a m'boma ngati la Ntcheu, pakuti msika wa osewera umayambira pa mabwalo a kumudzi. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita dziko lina mgwirizano wake usanathe, magawo 5 pa 100 alionse a mtengowo agawidwe kwa matimu amene anamlera kuyambira chaka chimene anakwanitsa zaka 12 kufikira cha zaka 23. Chaka chilichonse cha pakati pa zaka 12 ndi 15 chimapatsa timu gawo la 0.25 pa 100, ndipo chaka chilichonse kuyambira pa zaka 16 chimapatsa 0.5 pa 100. Mwachitsanzo, mnyamata atati wagulitsidwa pa K100 miliyoni, timu yaing'ono ya ku Bilira kapena ku Kasinje imene inamsunga zaka zinayi zoyambirirazo iyenera kulandira K1 miliyoni, ndalama zokwanira mipira ndi yunifolomu. Kuyambira 2022 FIFA ili ndi ofesi yapadera yoona kuti ndalama zoterezi zikufika kwa eni ake. Koma ofesiyo imatsata zolembedwa. Timu imene siili m'kaundula wa Football Association of Malawi, kapena imene siinalembetse mwanayo m'dzina lake, siilandira kanthu, ngakhale mudzi wonse utachitira umboni kuti mpira anauphunzirira pamenepo.

Choncho pamene mkulu wa timu ya mu mzinda watumiza munthu kudzatenga mnyamata wa Folomu 3 ku Ntcheu, mphunzitsi ndi makolo ali ndi mafunso oyenera kufunsa galimoto isananyamuke: mgwirizanowo ngwa zaka zingati, wasainidwa ndi yani popeza mwanayo sanakwane zaka 18, mayeso a MSCE akalembera kuti, ndipo dzina la timu imene yamlera lalembedwa m'kaundula kapena ayi. Mwa anyamata khumi otengedwa motero, si onse amene adzafike mu timu yaikulu, ndipo ochuluka amabwerera kumudzi patapita zaka ziwiri kapena zitatu, ena ali ndi satifiketi m'manja, ena ali ndi nsapato za mpira zokha.