Musayambe ndi penti podzutsa galimoto yakale yonyamulira zokolola

Mukayenda m'midzi ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu simulephera kuiona: pikapu yakale ili pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Mwina ili pakhomo panu pomwe, anaisiya malemu bambo anu. Mwinanso pali wina amene akufuna kukugulitsani pamtengo wozizira. Nthawi iliyonse mukamalipira galimoto yahayala kuti ikufikitsireni tomato pa Lizulu kapena mbatatesi pa Bembeke, mumaiyang'ana n'kunena chamumtima kuti, "Iyi ikanadzuka, mavenda sakanandidyera masuku pamutu."

Magalimoto otere amadzukadi, ndipo ntchito yambiri mukhoza kuigwira nokha pakhomo. Koma alipo alimi amene ndalama zawo zonse za fodya kapena soya zinathera m'galimoto yotereyi, iyo ikadali chikhalire pansi pa mango pomwepo. Kawirikawiri cholakwika chimakhala chimodzi. Anayamba ndi zooneka ndi maso, penti ndi mipando, n'kusiya zakunsi zomwe zimasenza katundu. Inu muyambire pansi, penti abwere pomaliza.

Chifukwa chake zakalezi zimakonzeka

Tengani chitsanzo cha Nissan 1400, kapikapu kaja ambiri amakadziwa. Kanayamba kupangidwa ku South Africa mu 1971 kali ndi dzina loti Datsun 1200, kanalandira injini ya malita 1.4 mu 1980, ndipo anasiya kukapanga mu 2008. Zaka zonsezi kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni, n'chifukwa chake zipangizo zake sizivuta kupeza ndipo amakaniko ambiri amakadziwa ngati chikhatho chawo. Toyota Hilux, yomwe inayamba mu 1968, ndi Land Rover yakale, yomwe inayamba mu 1948, nazonso zili m'gulu lomweli. Mulibe kompyuta, ndipo munthu wokhala ndi masipanala, nyundo ndi kudekha akhoza kuona chomwe chavuta.

Koma dziwani kuti sizidwala mofanana. Hilux ili ndi chasisi, mafupa achitsulo omwe bodi imangokhalapo pamwamba. Pa Nissan 1400, kokhala dalaivala ndi bokosi la katundu ndi thupi limodzi, choncho dzimbiri likadya pansi ndiye kuti ladya mphamvu ya galimoto yonse. Land Rover yakale imanamiza maso, chifukwa malata ake akunja ndi a aluminiyamu, omwe sachita dzimbiri lofiira, pomwe chasisi chake n'chachitsulo ndipo chimatha kuola mkati kunja kukuoneka bwinobwino.

Mapepala kaye

Musanagule ngakhale bawuti imodzi, onani bulubuku. Nambala ya chasisi ndi ya injini zomwe zalembedwa mmenemo zifanane ndi zomwe zadindidwa pagalimotopo. Ngati zasiyana, kapena wogulitsa akuti bukulo linasowa, pitani naye ku ofesi ya Road Traffic akalongosole musanapereke ndalama. Ngati galimotoyo ndi chuma cha masiye, khalani pansi ndi abale onse mugwirizane molemba. Galimoto ikakhala yakufa imasowa mwini, koma tsiku lomwe yalira injini eni ake amachuluka.

Kumbukiraninso kuti ikatha kukonzedwa idzafunika chiphaso cha COF ndi inshuwalansi kuti iyende pamsewu. Ndalama zimenezi ziwerengereni limodzi ndi za zipangizo kuyambira pachiyambi.

Lowani pansi ndi nyundo

Ikokereni pamalo olimba ndi osatsetsereka. Mukaikweza ndi jeke, ikhazikeni pa zipika zikuluzikulu za mtengo wouma, ndipo matayala otsala pansi muwapinge ndi miyala. Musalowe pansi pa galimoto yomwe yangotsamira pa jeke kapena pa njerwa, chifukwa njerwa imaphwanyika mosachenjeza.

Tsukani matope onse akunsi, mudikire paume, kenako yendani ndi nyundo yaing'ono mukugogoda chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira kuti ngwee. Choola chimalira mogonthera ndipo chimayoyoka makoko. Pomwe mwakayikira, bayani ndi sikuludiraiva. Malo ofunika kuwaonetsetsa ndi pomwe pamangiriridwa masipiring'i akumbuyo, pomwe pakhala injini, pomwe pagwira chiwongolero, pansi pa mapazi a dalaivala, m'munsi mwa zitseko ndi m'makona a bokosi la katundu.

Tenganinso maginito, monga a m'sipika yakale ya wailesi, muwayendetse pa bodi. Pomwe sakugwira, mwini wakale anamatapo fila wambiri pobisa bowo kapena ngozi. Njira imeneyi siigwira pa malata a aluminiyamu a Land Rover.

Apa ndi pomwe muyenera kudziuza zoona. Mabowo a pabodi amakonzeka. Koma ngati chasisi chaola malo ambiri, chathyoka, kapena chapindika moti galimoto ikuyenda chammbali ngati nkhanu, ilekeni. Gulitsani zipangizo zake, ndalamazo muonjezere pa ngolo kapena musonkhe ndi anzanu a m'kalabu. Ngati chasisi chili bwino, lembani zonse zofunika kugula, mufunse mitengo m'malo awiri kapena atatu, monga ku Ndirande mu Blantyre kapena ku Biwi mu Lilongwe, kenako muyerekeze ndi ndalama zomwe mumalipira hayala pachaka. Masamu akakana, musakakamire.

Injini ndi mabuleki

Injini yomwe yagona zaka musaidzutse mongolumikiza batire n'kuliza. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'mabowo mwake, isiyeni usiku umodzi, ndipo mawa lake muizunguze ndi sipanala pang'onopang'ono. Ikazungulira, khetsani oyilo wakale ndi petulo wakale, tsukani thanki ndi kabuleta, sinthani mafyuluta, ndipo onani ngati makoswe sanadye mawaya. Mapaipi a labala opita ku rediyeta akakhala ouma kapena ong'aluka, asintheni.

Mabuleki asakhale omalizira. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho, ndipo galimoto ikakhala nthawi yaitali amachititsa dzimbiri mkati. Sinthani mafutawo, timalabala ta m'mabuleki ndi mapaipi onse okayikitsa. Ngati simunagwirepo ntchito imeneyi, itanani makaniko ndipo inu mukhale pambali mukuphunzira. Matayala nawo amakalamba ngakhale mano akadalipo. M'mbali mwa tayala mumakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lakale, long'aluka m'mbali, lidzakuphulikirani mutasenza.

Dzimbiri ndi lodula, osati lobisa

Dzimbiri limabwera chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya. Pagalimoto ya mlimi limathamanga kwambiri chifukwa cha zinthu zomwe timanyamula. Feteleza amayamwa chinyontho, ndipo timibulu tomwe timatayika m'matumba n'kutsalira m'makona timadya chitsulo usiku ndi usana. Manyowa, madzi a nsomba ndi matope okakamira kunsi zimachitanso chimodzimodzi.

Dzimbiri lapamwamba likwecheni ndi burashi ya waya ndi sandipepala mpaka chitsulo chiwale. Koma pomwe paboola, kapena pafewa, dulani ndi girayinda mpaka mufike pachitsulo cholimba mbali zonse. Ikani katoni pabowopo, jambulani, ndipo mudule chigamba chofanana ndi katoniyo kuchokera ku chitsulo chokhuthala ngati chomwe mwadulacho. Chitseko kapena boneti ya galimoto ina yakufa imapereka zigamba zabwino. Malata ofolerera nyumba musagwiritse ntchito: ndi opyapyala, ndipo utsi wake powotcherera umadwalitsa.

Kuwotcherera n'kumene mungafune mmisiri. Makina wamba owotcherera mawindo ndi zitseko amaboola chitsulo chopyapyala cha bodi, choncho funani wodziwa kuwotcherera ndi gasi kapena makina a waya. Muuzeni adonthetse pang'onopang'ono, apa kadontho, uko kadontho, akudikira kuti pazizire. Akathamanga mzere umodzi wautali, lata limapindika ndipo mudzavutika kuliwongola. Chasisi chokha chisawotchereredwe ndi wophunzira kumene.

Moto usanayambe, chotsani batire, mipando, makapeti ndi thanki ya mafuta, ndipo thankiyo muiike kutali. Musalole munthu kuwotcherera thanki ya petulo ngakhale ikuoneka youma, chifukwa mpweya wotsalira mkati umaphulika. Chitani ntchitoyi kutali ndi nkhokwe, chigafa ndi denga la udzu, muli ndi ndowa ya mchenga pafupi, ana ali patali.

Kuwongola, fila ndi penti

Malo obunyuka awongoleni ndi nyundo yaing'ono, kumbuyo mutatsamiritsa chitsulo chosalala. Yambirani m'mphepete kulowera pakati, ndipo menyani mopepuka kambirimbiri. Kumenya mwamphamvu kumatambasula lata n'kulisiya lotukumuka.

Fila ntchito yake n'kusalaza timabampu totsala, osati kutseka mabowo. Asapitirire mamilimita atatu. Ena amatseka bowo ndi nyuzipepala kapena neti n'kumata fila wambiri, penti pamwamba. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Fila amamwa madzi kuchokera kumbuyo, dzimbiri limapitirira, ndipo msewu wa mabampu ukamugwedeza amagwa chibuma chonse. Sakanizani pang'onopang'ono poti amauma m'mphindi zochepa. Akauma, kwechani ndi sandipepala wa nambala 80, kenako 180, n'kumalizira ndi 320 kapena 400, mutakulunga sandipepalayo pa kathabwa kosalala kuti musasiye mizere ya zala.

Chitsulo chomwe mwakwecha chisagone chosapaka. Pukutani fumbi ndi mafuta, pakani pulayima tsiku lomwelo, mbali zonse ziwiri za chigamba. Kunsi kwa galimoto ndi m'bokosi la katundu mukhoza kupaka ndi burashi: pulayima wofiira uja woletsa dzimbiri, kenako penti wolimba kawiri. Pulayima payekha satchinga madzi nthawi yaitali, choncho musamusiye miyezi osapaka penti.

Nyengo yabwino ya ntchitoyi ndi mukatha kukolola, mvula itasiya. Pakani tsiku lopanda mphepo, mame atauma, pamthunzi, mutawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke. Dzuwa la Okutobala limaumitsa penti asanakhazikike. Valani chotchinga mphuno pokwecha ndi popaka. Penti wopopera wosakaniza ndi mankhwala oumitsira amawononga mapapo, ameneyo asiyireni amisiri okhala ndi zodzitetezera zoyenera.

Kuisintha kuti igwirizane ndi ulimi

Zosintha zina n'zothandiza. Yalani matabwa m'bokosi kuti matumba asakhudze chitsulo, koma akhale ochotseka kuti muzitha kutsuka pansi pake. Tsegulani timabowo totulutsira madzi m'makona. Ikani zitsulo zotchinga m'mbali ndi ngowe zomangirira zingwe, mugule ndi lona yofunditsa katundu. Ponyamula tomato, shelefu yamatabwa imathandiza kuti madengu apansi asaphwanyidwe ndi apamwamba.

Chomwe chimapweteketsa ambiri n'kuonjezera masipiring'i. Galimoto imaleka kukhala pansi, mwini n'kuyesa kuti tsopano ikhoza kusenza kawiri. Koma mabuleki, ekiselo, matayala ndi chasisi zikadali zomwe zija. Nissan 1400 ndi ya theka la tani, kutanthauza matumba pafupifupi 10 a makilogalamu 50. Pikapu ya tani imodzi ndi matumba pafupifupi 20. Mukaika 25 pa yoyenera 10, mudzazindikira pamtsetse kuti siikuima. Kuyenda maulendo awiri n'kotchipa kusiyana ndi kuthyola ekiselo pakati pa msewu, tomato akuola padzuwa. Zitsulo zam'mbali nazo zisakunyengeni kusanjikiza katundu mpaka kumwamba, chifukwa galimoto yolemera pamwamba imagubuduka pokhota. Ndipo pamwamba pa matumba si pokhala anthu.

Ngati mwasintha injini kapena mtundu wa penti, kadziwitseni a Road Traffic kuti zolembedwa m'bulubuku zifanane ndi galimotoyo. Kupanda kutero mudzavutika nazo pa rodibuloko ndiponso tsiku lodzaigulitsa.

Ikadzuka, isungeni

Mukatsitsa feteleza kapena manyowa, sesani ndi kutsuka bokosi tsiku lomwelo. M'nyengo ya dzinja gwetsani matope akunsi sabata iliyonse. Imangireni kachisakasa, musaibwezere pansi pa mango paja pomwe masamba amatseka timabowo ta madzi. Penti akakalika, pakanipo msanga dzimbiri lisanapeze polowera. Sungani kabuku kolembamo mafuta, zipangizo ndi ndalama zomwe anzanu akulipirani mukawanyamulira katundu, ndipo pa ulendo uliwonse muzipatula kangachepe ka matayala ndi oyilo.

Ngati ndalama za chaka chino zikungokwanira chasisi, mabuleki ndi matayala, chitani zimenezo, penti wokongola adikire zokolola za chaka chamawa. Pamsika palibe amene adzakufunseni mtundu wa galimoto yomwe yabweretsa tomato. Adzangoona ngati wafika m'mawa, ali bwinobwino.