Kakhomo ka Mpweya ndi Tayala Lobisika

Pa zaka zoposa 30 zimene ndagwira ntchito ya matayala m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba, kufupi ndi pa Njuli pamene msewu wa ku boma la Chiradzulu umapatukira, ndamva madandaulo ochuluka a eni malole ndi madalaivala awo, ena akunena kuti matayala a masiku ano ndi achinyengo, ena akuloza chala maenje a mumsewu, ndipo ena, amene mitima yawo yasweka poona matayala atatu akuphulika m'mwezi umodzi, akunong'ona kuti alipo munthu wa kaduka amene wawachita chipongwe. Koma ine, amene ndimatsegula matayala ophulikawo ndi manja anga, ndapeza kawirikawiri kuti mlandu wonse umayambira pa kanthu kochepa ngati chala cha mwana, kamene timakatcha valavu. Za kanthu kameneka ndi zimene ndikufuna kukamba nanu lero, makamaka za valavu ya tayala la mkati pa magalimoto amene ali ndi matayala awiriawiri kumbuyo, monga malole onyamula miyala ya pa Njuli, mchenga ndi njerwa, kapena aja amatenga matimati ndi kabichi pa Mbulumbuzi kupita nazo kutauni.

Valavu ndi khomo la mpweya, ndipo nzeru yake si yatsopano. John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, atapanga tayala lopopa mpweya m'chaka cha 1888, padafunika khomo lolola mpweya kulowa koma loukaniza kutuluka. Ndipo banja la August Schrader, Mjeremani amene adakhazikika ku New York, lidapanga khomo lotero, nililembetsa m'chaka cha 1893. Kufikira lero galimoto yaing'ono ndi lole yaikulu zimagwiritsa ntchito mtundu womwewo. Mkati mwa kapaipi kamene mumakaona kali njo pa limu muli kachitsulo kena kakang'ono kochita kupotera, kokhala ndi sipuling'i ndi kamphira, kamene m'nkhani ino ndidzakatcha kamtima. Sipuling'i pamodzi ndi mpweya wa m'tayala zimakankha kamphira kaja kuti katseke njira, ndipo mukadina kansonga kake njira imatseguka. Kamchenga kamodzi kakakhala pa kamphirako, khomo silitsekeka bwino, ndipo mpweya umayamba kutuluka pang'onopang'ono, usiku ndi usana, wosamveka m'khutu. Ndicho chifukwa chake kachivindikiro kaja, kamene ambiri amakayesa chokongoletsa chabe nakataya tsiku lomwe agula tayala, kali ndi ntchito yaikulu m'misewu yathu ya fumbi m'chilimwe ndi ya matope m'dzinja.

Tsono pa galimoto ya tayala limodzi mbali iliyonse vuto lotere silichedwa kuoneka, pakuti tayala likaphwa limagwada, ndipo ngakhale mwana wodutsa m'njira amakuuzani. Pa matayala ophatikiza zinthu sizitero. Malimu awiri amamangidwa moyang'anizana pa mabawuti amodzi, kotero kuti valavu ya tayala lakunja imaloza mkati, kunsi kwa galimoto, pamene ya tayala la mkati imaloza kunja, ndipo munthu amaifikira polowetsa dzanja m'zibowo za limu yakunja. Ngati womanga mawilo adachita changu, osalinganiza zibowozo, valavu ya mkati imabisika kuseri kwa chitsulo, ndipo palibe geji kapena paipi ya kompuresa imene ingaifikire popanda kumasula wilo lonse. Dalaivala wotopa, amene akufuna kufika ku Limbe dzuwa lisanalowe, amapima lakunja lokha, namenya la mkati ndi sipanala, namva kulira kwake, nakhutira. Koma tayala la mkati, ngakhale litaphwa, limaoneka loimirira bwino, chifukwa mnzake wakunja ndiye walisenzera katundu. Ndipo sipanala, imene ingakuuzeni kuti tayala laphweratu, singathe kusiyanitsa mpweya wa mapaundi 90 ndi wa mapaundi 65.

Ndikumbukira lole ya matani atatu imene idabwera kwa ine mwezi wa Okutobala chaka china, itasenza matumba a nandolo ochokera cha ku Namitambo. Tayala lakunja la kumanzere, limene mwini wake adaligula latsopano milungu iwiri yokha m'mbuyomo, lidaphulika masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo dalaivala, mnyamata wodzisunga amene ndimamudziwa kuyambira ali wothandiza pa lole, adafika nkhope ili yakugwa, nati, "Abambo, ndikawauza chiyani abwana? Tayala lija adalipira ndalama zambiri, ndipo ine sindidathamange." Ndidamuyankha kuti, "Achimwene, musanatukwane wogulitsa, tiyeni tione mnzake wa mkatiyu." Titachotsa wilo lakunja ndi kuika geji pa la mkati, muvi wake sudafike ndi pa 20 pomwe. Valavu yake idalibe chivindikiro, pakamwa pake padali dothi louma, ndipo nditapakapo thovu la sopo, kathovu kamodzi kadayamba kutukumuka mwakachetechete, kenaka kena. Tayala latsopano lija lidasenza lokha katundu wa awiri, lidatentha, nsalu zake zidafooka, ndipo lidaphulika lilibe mlandu uliwonse. Akulu adanena kuti nkhuyu zodya ana zimapota akulu, ndipo pa mawilo a lole mawuwa ndawaona akukwaniritsidwa nthawi zosawerengeka.

Pali chinanso chimene anthu ambiri sachidziwa, chakuti tayala la mkati ndilo lili pa malo ovuta koposa. Lili pafupi ndi dilamu ya mabuleki, imene imatentha kwambiri lole yodzaza ikamatsika chitunda, ndipo kutenthako kumaumitsa mphira ya valavu. Komanso popeza misewu imamangidwa yotukuka pakati kuti madzi azitsetsereka, tayala la mkati limasenza katundu woposa wa mnzake. Ngakhale kusiyana kochepa kwa mpweya kuli ndi mtengo wake, pakuti tayala lofewa limakhala lalifupi pang'ono kuposa lolimba, koma popeza onse awiri amangidwa pamodzi ayenera kuzungulira mofanana, ndipo lalifupilo limakwekwerezedwa pa phula mtunda wonse, likumadyeka mofulumira. Chilamulo cha Mose chidaletsa kumanga ng'ombe ndi bulu pa goli limodzi, ndipo mlimi aliyense amene adalimapo ndi ng'ombe zosalingana mphamvu amadziwa chifukwa chake. M'ntchito yathu timafuna kuti matayala ophatikiza asasiyane kuposa mapaundi 5, ndiponso kuti akhale a msinkhu umodzi, osati latsopano kuphatikiza ndi lakutha.

Kufufuza pamene mpweya ukuthawira sikulira makina okwera mtengo, koma kumalira mtima wofatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Sungunulani sopo m'madzi, mupake pakamwa pa valavu, ndipo mudikire. Musachoke msanga, chifukwa kudontha kwina kumatenga mphindi yathunthu kuti kuonetse thovu limodzi. Thovu likatuluka pakamwa, vuto ndi kamtima: mwina kamasuka, ndipo mungakamange pang'ono ndi kachitsulo kake kokhala ndi mphanda, osakakamiza, pakuti kupotera mopitirira kumaphwanya kamphira, mwina katha, ndipo muyenera kuikamo kena, kamene mtengo wake sufika ndi pa wa botolo la zakumwa. Pakamwa pakakhala chete, pakani m'munsi, pamene valavu yatulukira pa limu, uku mukuigwedeza pang'ono ndi chala. Pa matayala opanda chubu, pamenepo pali mphira kapena nati imene imatha kuuma kapena kumasuka. Pa matayala a chubu, amene akadali ochuluka pa malole athu akale, valavu ndi chiwalo cha chubu chomwecho, ndipo tayala likayenda lofewa limatha kuseseleka pa limu nthawi yomanga mabuleki, nilikoka chubu, kufikira valavu ipendekeka kapena kung'ambika patsinde. Valavu yopendekeka pa wilo la chubu ndi chizindikiro chakuti mkatimo zinthu zasuntha kale.

Ndiyenera kunenapo mawu olimba pa za mavalavu a mphira aja ochita kukokera pa limu. Iwo adapangidwira magalimoto aang'ono, amene mpweya wake umakhala cha m'ma 30 kapena 35, ndipo malire awo ndi mapaundi 65. Kuika valavu yotere pa tayala lopopedwa kufika 90 kapena 100 ndi kuika chitseko cha bango pa khola la ng'ombe zamphongo; ndaonapo ena akuchita zimenezi chifukwa valavu ya mphira ndi yotchipa ndiponso yosavuta kuika, ndipo ndikunena poyera kuti ndi kulakwira mwini galimoto. Tayala la mpweya wochuluka lifuna valavu yachitsulo yomanga ndi nati.

Anthu ena, pofuna kuthana ndi kubisika kwa valavu ya mkati, amaiwonjezera kapaipi kotalikitsa kuti ifike kunja, ndipo maganizo amenewa ndi abwino, kungoti kapaipiko kamabweretsa nkhawa zakezake. Izi ndidaziona bwino pa galimoto ina yachilendo imene idaima pakhomo panga m'nyengo yachisanu, galimoto yokhala ndi kama, mbaula ndi thanki ya madzi mkati mwake, imene azungu awiri okalamba, mwamuna ndi mkazi wake, ankayendera maiko, ndipo ankachokera ku Zomba kulinga ku phiri la Mulanje. Iwo adali anthu osamala, ndipo ankapima matayala m'mawa uliwonse, koma la mkati linkataya mapaundi 10 tsiku ndi tsiku, ndipo amisiri awiri m'njira adali atalimasula kale osapeza msomali. Msomali padalibe. Kapaipi kawo kotalikitsa kadalibe chogwirira, ndipo wilo likamazungulira pa misewu ya mabampu kankakhula m'mphepete mwa chibowo cha limu, kufikira padabooka kachibowo kochepa ngati diso la singano. Ndipo popeza kapaipi ka mtundu umenewo kamadina kamtima nthawi zonse nikakhala ndi mpweya mkati mwake, kubooka kwake kudali kubooka kwa tayala lenilenilo. Ndidakachotsa, ndidatembenuza wilo lakunja kuti chibowo chake chiyang'anizane ndi valavu ya mkati, ndipo mavalavu awiriwo ndidawaika motalikirana, ina kumwamba ina kunsi, kuti munthu asasokoneze. Galimoto yawo idali yochokera kutsidya kwa nyanja, koma nthenda yake idali yomwe ija ya lole ya nandolo. Amene afuna kapaipi kotalikitsa asankhe kachitsulo kapena kolimba bwino, akamange ndi chogwirira, ndipo polumikizira pakepo azipakapo sopo nthawi ndi nthawi. Koma chida chimene ndimalangiza dalaivala aliyense kugula choyamba ndi geji yaitali ya milomo iwiri, wina woloza kutsogolo wina wobwerera m'mbuyo, imene imafikira mavalavu onse awiri popanda kuwonjezera kanthu.

Kupima kuchitike m'mawa matayala akadali ozizira, pakuti tayala loyenda limatentha ndipo mpweya wake umakwera. Amene amauphwetsa masana poona nambala yakwera adzapeza tayala lake lili lofewa m'bandakucha.

Chotsala ndi cha moyo wa munthu, ndipo ndikupempha anyamata onse amene akuphunzira ntchitoyi pansi pa mitengo ya mango, kuyambira pa Namadzi mpaka ku Thumbwe, kuti andimvere monga amvera bambo wawo. Mukapeza tayala la mkati litayenda lophwa, musalipope pomwepo lili pa galimoto. Tayala limene layenda ndi mpweya wochepera magawo 80 pa 100 a muyeso wake liyenera kuchotsedwa pa limu ndi kuyang'anidwa mkati, chifukwa mawaya a m'nthiti mwake amakhala atathyoka mosaoneka, ndipo likamapopedwa lingathe kung'ambika mwadzidzidzi ndi mphamvu yogwetsa munthu. Pa malimu akale aja okhala ndi mkombero wachitsulo wochita kukolowekera, chotsani kamtima ka matayala onse awiri, mpweya utheretu, musanamasule nati ngakhale imodzi, pakuti limu ya mkati ikakhala yosweka, chimene chaigwira ndi wilo lakunja lokha. Popopa, tayala likhale m'khola lachitsulo, kapena mulikulunge ndi unyolo wolimba, mkombero utaloza kumene kulibe munthu, inu mutaima pambali ndi paipi yaitali. Ndidaonapo mkombero wotere ukuuluka nkuboola denga la malata, ndipo mnyamata amene ankapopayo adapulumuka chifukwa chakuti adali atapotoloka kukatenga madzi. Dalaivala wa nandolo uja tayala lake la mkati titalitsegula tidapeza mphira ya mkati itasanduka phulusa lakuda, ndipo lidali losayeneranso msewu. Adagula matayala awiri tsiku limenelo, ndi geji ya milomo iwiri, ndipo ine ndidamuikira zivindikiro zachitsulo pa mavalavu onse 6 kuchokera m'chitini chimene ndimasunga pansi pa benchi.