Magetsi: choopsa si kuchuluka kwa ma volt kokha

GLENDALE, Zimbabwe: M'mafamu a m'boma la Mazowe, momwe mukukhala mabanja ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi ndi ku Mozambique, mpanda wamagetsi wotchingira ziweto umatha kufika ma volt 5,000, koma woukhudza amangodzidzimuka. Mbaula kapena pampu ya pachitsime ya ma volt 230 okha imatha kupha.

Volt ndi muyeso wa mphamvu yokankha magetsi. Chimene chimavulaza ndi kuchuluka kwa magetsi odutsa m'thupi, amene amayezedwa m'ma milliamp, komanso nthawi imene akhala akudutsa. Mpanda umangobaya mwachidule, pafupifupi kamodzi pa sekondi, pamene waya wa m'nyumba salekeza.

Ma milliamp 15 angaumitse dzanja moti munthu amalephera kutaya waya; akapitirira 50, mtima ungasokonekere kagundidwe. Khungu louma limatchingako ndithu, koma m'thupi la munthu wa manja onyowa, woponda matope wopanda nsapato, mungadutse ma milliamp 200.

Mawaya a ZETDC a ma volt 11,000 ndiye sadikira n'kukhudzidwa komwe: paipi yothirira ya aluminiyamu ikaimikidwa pafupi kwambiri, magetsi amadumphira.